Akita akafa, atibwezere ndalama zathu?

Aliyense amene adakhalapo pa benchi ya vidiyo sho, kaya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, amalidziwa lamulo limodzi losalembedwa: akita safa. Angamumenye ndi chitsulo m'mutu, angamumangirire pampando, angamuthire zipolopolo, ife timangokhala phee kutafuna mtedza wathu chifukwa tikudziwa kuti kumapeto adzuka, apukuta magazi pakamwa n'kuyamba kuwathyola mmodzimmodzi. Schwarzenegger mu Commando adamaliza yekha chigulu cha asilikali n'kukwera ndege ndi mwana wake, onse amoyo. Kunena zoona, ndalama imene timapereka pakhomo ija timagulira chitsimikizo chimenechi.

Tsono pali filimu ina ya ku America yomwe idaphwanya lamuloli kalekale, m'chaka cha 1968, ambirife tisanabadwe. Dzina lake ndi Night of the Living Dead, nkhani ya usiku umene anthu akufa adadzuka n'kuyamba kudya amoyo. Filimu imeneyi yayambanitsa anthu kumsika kwathu kwa sabata yathunthu, ndipo ena mpaka lero akupatsana moni wa pamwamba pa mano.

Ndiyambe ndi za ndalama, poti ndikudziwa kuti inu a geni ndiye funso lanu loyamba. Adaipanga ndi anyamata a mumzinda wa Pittsburgh, m'chigawo cha Pennsylvania, omwe ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali yojambula timakanema totsatsa malonda pa TV. Mtsogoleri wawo, George Romero, anali asanakwanitse zaka 30. Mpamba adauyamba ngati chipereganyu: anthu khumi, aliyense madola 600, n'kudzitcha Image Ten. Ndalamazo zitaperewera adaitana ena kuti aponyemo, mpaka filimu yonse idadya madola pafupifupi 114,000. Kwa ife ndi chuma, koma kwa opanga mafilimu a ku Hollywood ndi ndalama ya mchere. Ndiye adachita zomwe wa mpamba wochepa aliyense amachita. Magazi amene mumawaona ndi madzi a chokoleti. Nyama imene akufawo akutafuna ndi ya nkhumba yootcha pamodzi ndi matumbo ochokera kubutchala ya mmodzi mwa osonkha ndalama. Nyumba imene adajambuliramo inali yoti igwetsedwa kale, choncho ankaiswa mawindo mopanda mantha. Eni mpambawo ena adalowa okha m'filimumo kusewera, kuti asalipire munthu.

Kumsika kwathu idafika mwangozi. Kuseri kwa mabenchi a nsomba kuli kanyumba ka malata komwe mkulu wina amaonetsa mpira wa ku England kumathero a sabata, masiku enawa mafilimu. Tsiku lina mvula idayamba masana osakata, makasitomala osaoneka, anthu ngati makumi atatu tidathawira mmenemo. Mwini vidiyo anali ndi fulashi yodzaza mafilimu omwe adamuikira mnyamata wa pakompyuta, ambiri osawadziwa n'komwe, ndipo adangodina umodzi mwa mayina. Itangoyamba anthu adakuwa kuti TV yaonongeka, kala yathawa. Ayi ndithu, ndi mmene adaijambulira, yakuda ndi yoyera basi, poti ya kala inali yodula. Inalibenso DJ woimasulira m'Chichewa. Poti ine ndimadziwika kuti ndidafika Fomu 4 ndipo ndimalembera nyuzi, adandikankhira kutsogolo. "Atolankhani, masulirani. Lero mugwireko ntchito yooneka ndi maso."

Nkhani yake siyovuta. Mtsikana wina, Barbra, ndi mlongo wake Johnny apita kumanda kukaika nkhata ya maluwa pomwe padagona bambo awo. Munthu wina woyenda mwadzandidzandi awagwera, Johnny amenyetsa mutu pa chiliza, Barbra athawira m'nyumba ya pafamu yomwe ikuoneka yopanda anthu. Kenaka pafika mwamuna wachikuda pa pikapu yomwe yatsala pang'ono kutha petulo. Ameneyu ndi Ben. Mmene adangotulukira, wamtali, wodekha, chitsulo chomasulira matayala chili m'manja, nyumba yonse ya vidiyo idagwirizana popanda kuvota: akita ndi uyu. Ben ayamba kuzula zitseko za m'kati ndi miyendo ya tebulo n'kumakhomera pamawindo, apeza mfuti, apeza wailesi, azindikira kuti zinthuzo zimaopa moto. Barbra yekha angokhala pampando maso ali tong'o, mutu utabalalika.

Apa mpomwe mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi adayamba kulankhula, ndipo sadasiye mpaka filimu kutha. "Mkazi wanji ameneyu wongokhala ngati thumba la chimanga? Mnzako akukhoma, iwe osamugwirirako ngakhale misomali?" Amayi ena adavomera. Mnyamata wa chiwaya adayesa kumuikira kumbuyo Barbra kuti waona mlongo wake akufa, koma mayiwo adamudula: "Ife timaika maliro Lachiwiri, Lachinayi tili pabenchi. Ana adya chisoni?"

Mkangano weniweni udabuka chitseko china chitatseguka m'nyumbamo n'kutulukira amuna awiri. Kani nthawi yonseyi pansi pa nyumbayo panali anthu! Nyumba zambiri za kumeneko zimakhala ndi chipinda chokumba pansi chosungiramo katundu, ndipo ife tidangochitcha dzenje. M'dzenjemo mudabisala bambo wina wadazi, Harry Cooper, mkazi wake Helen, mwana wawo wamkazi Karen yemwe adalumidwa ndi chimodzi mwa zinthuzo ndipo ali gone, komanso mnyamata Tom ndi chibwenzi chake Judy. Onse pamodzi m'nyumbamo anthu asanu ndi awiri. Ben afunsa Cooper ngati sadamve mtsikana akukuwa pamwamba. Cooper ayankha mozungulirazungulira, koma zikuonekeratu kuti adamva ndipo adasankha kusatsegula. Kuchokera pamenepo amuna awiriwa sadamwerane madzi. Cooper akuti tonse titsikire kudzenje, chifukwa kuli khomo limodzi lokha loti tilitchinge, pomwe pamwamba pali mawindo ambirimbiri. Ben akuti dzenjelo ndi msampha, zikathyola khomo limodzilo mulibe kothawira, pomwe pamwamba ukutha kuona mdani, uli ndi wailesi, uli ndi TV, uli ndi mpata wothawa.

Ine ndidamasulira mbali zonse ziwiri mofanana, koma anthu adali atasankha kale. Pafupifupi onse anali a Ben, ndipo Cooper akangotsegula pakamwa ankamuwowoza. Munthu mmodzi yekha ndiye adaima naye: mdala wina wa hadiweya, wogulitsa maloko, mahinjesi ndi misomali, munthu wosalankhulalankhula. Iye adati, "Ana inu simudziwa matabwa. Taonani mmene akukhomera mnyamatayo, msomali umodzi uku, wina uku, thabwa lopingasa pawindo. Zimenezo n'zotchingira nkhuku. Ine ntchito yanga ndi zitseko. Khomo limodzi lolimba limaposa mawindo khumi okhomakhoma. Wadaziyo ndi woipa mtima, koma masamu ake ali bwino."

"Madala, inu mukuikira kumbuyo munthu woti adamva mwana wa mnzake akulira iye n'kukhala chete?" adafunsa mayi wa tomato.

"Mayi, ine sindikumusankha kuti akhale mkamwini wanga. Ndikunena za khomo."

Pakati pa filimu TV ya m'nyumbamo iyamba kulengeza kuti amene akupha anthuwo ndi mitembo ya omwe angomwalira kumene, kuti mwina chayambitsa ndi mphamvu ina yoipa yomwe idabwera ndi chombo chomwe chidatumizidwa ku Venus, ndipo kuti njira yozigonjetsera n'kuziombera m'mutu kapena kuzitentha. Nditamasulira zimenezi mkulu wina wa kaunjika adati, "Aaa, kani ndi ndondocha." Apa padabuka kamkangano kena kapambali komwe ine kadandisangalatsa kuposa ina yonse. Anthu adakana. Ndondocha, malinga ndi mmene zimakambidwira kwathu kuno, zimakhala ndi mwini wake, zimamugwirira ntchito usiku kumunda kapena kuchigayo kuti iye alemere. Izi zilibe bwana, sizigwira ntchito, sizilemeretsa munthu, zimangodya. Anthuwa adalasa pomwepo osadziwa. Mafilimu akale a ku America, monga White Zombie ya 1932, ankaonetsa akufa a ku Haiti oukitsidwa ndi mankhwala kuti azigwira ntchito pa fakitale ya shuga ya munthu wina, ndondocha zenizeni. Romero ndi mnzake John Russo, omwe adalemba nkhaniyi, ndiwo adachotsapo bwanayo n'kusiya njala yokha. Mawu oti zombie simuwamva n'kamodzi komwe m'filimu yawoyi, komabe mafilimu onse a mtunduwu omwe adabwera pambuyo, mpaka The Walking Dead, adatengera pamenepa.

Ben akonza pulani: panja pali pampu ya petulo, atenge pikapu akathire, abwerere adzanyamule onse kupita kumalo achitetezo omwe TV yatchula. Apita ndi Tom, ndipo Judy awathamangira. Petulo atayikira pagalimoto, muuni womwe ankaopsezera akufa uja uyatsa moto, galimoto iphulika Tom ndi Judy ali momwemo. Chotsatira chake ndi chomwe chidapangitsa amayi awiri kuphimba kumaso ndi chitenje: akufawo azungulira galimoto n'kuyamba kudya. Ben athamangira kunyumba, apeza Cooper watseka chitseko ndipo akuzengereza kutsegula. Ben achithyola ndi mwendo, atchinganso, kenaka amuphika zibakera Cooper. Pamenepo ndiye m'vidiyomo mudali chikondwerero ngati chigoli cha mphindi yomaliza.

Chikondwererocho sichidakhalitse. Magetsi a m'nyumbamo azima, akufa ayamba kuthyola matabwa aja, ndipo mdala wa hadiweya adangotsokomola pang'ono kuti timukumbukire. Cooper alanda mfuti, Ben amulandanso n'kumuombera. Cooper agwera kudzenje, komwe mwana wake Karen wamwalira kale n'kudzuka. Mayi wake potsikira kumeneko apeza mwanayo akudya bambo ake, ndipo mwana yemweyo atenga chitsulo chopakira simenti n'kubaya mayi ake kambirimbiri. Barbra, amene tsopano wadzidzimuka n'kuyamba kuthandiza kutchinga khomo, aona Johnny mlongo wake pakati pa akufawo, ndipo ndi Johnny yemweyo amene amukokera kunja. Watsala Ben yekha. Ndipo athawira kuti? Kudzenje konkuja ankakukana usiku wonse. Atseka khomo limodzi lija, ndipo ligwira mpaka kucha.

M'mawa kukubwera gulu la amuna a mfuti ndi agalu, motsogozedwa ndi mkulu wa apolisi wa deralo, akuombera akufa mmodzimmodzi m'minda. Ben amva kulira kwa mfuti ndi agalu, akwera pang'onopang'ono, asuzumira pawindo. Ife tonse tidapumira m'mwamba, ena adayamba kuimirira kufuna masikono awo. Mmodzi mwa amunawo aona chinthu chikuyenda pawindo, aloza, aombera kamodzi. Pamphumi. Kenaka zithunzi zosayenda: amukoka ndi zitsulo zangowe ngati zokolekera nyama kubutchala, amuponya pamulu wa mitembo, ayatsa moto. Basi, yatha.

Abale, ndakhala ndikuonera mafilimu m'timanyumba totere kuyambira ndili mwana, koma chete wa tsiku limenelo sindidamuonepo. Mvula yokha padenga. Kenaka mnyamata wa chiwaya adaphulika: "Aise, wadula filimu! Ika pati thuu!" Mwini vidiyo adalumbira kuti sadakhudze kanthu. Ena adanditembenukira ine ngati ndine ndamupha Ben ndi kumasulira kwanga. Anthu angapo adaima pakhomo kufuna ndalama zawo, ati sadalipire kuti adzaone maliro. Mwini vidiyo adawayankha mwa geni: "Inu munthu akagula tomato n'kukapsereza ndiwo kwawo, mumamubwezera?"

Mawa lake nkhani idafalikira msika wonse, ngakhale kwa omwe sadaonere. Mdala wa hadiweya ndiye adali mfumu. Aliyense wodutsa pa shopu yake ankamuuza kuti akita uja adapulumukira m'dzenje la munthu yemwe adamupha. Ndipo zoona zake n'zomwezo, palibe angatsutse. Koma mkulu wa kaunjika adabwera ndi funso lomwe lidamuziziritsa mdalayo: "Madala, mwaiwala mwana. Akadatsikira onse asanu ndi awiri n'kukhoma khomo lanulo, mwana wolumidwa uja akadadzukira pakati pawo, mumdima, popanda kothawira. Dzenje lidamusunga Ben chifukwa adalowamo yekha, ali ndi mfuti, zoopsa za m'katimo zitaonekera kale." Mdalayo adati mwana mmodzi sangagonjetse akuluakulu asanu ndi mmodzi. Wa kaunjika adati nanga ndani akadalimba mtima kuombera kamtsikana pamaso pa mayi ake? Pamenepo mdalayo adayamba kusanja maloko ake.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti a mbali zonse ziwiri sakondwa nawo. Cooper adalondola za khomo, koma adalakwa pa china chilichonse: adamva kukuwa osatsegula, adamusiya mnzake panja pakati pa zilombo, ndipo ankafuna kumvedwa osati chifukwa choti onse apulumuke koma kuti pasapezeke womulamula. Ben naye sadali woyera monga tidamuonera tili pabenchi. Pulani ya petulo idali yake ndipo idadya anthu awiri. Cooper adamuombera atamulanda kale mfuti, munthu ali manjamanja. Tidaombera m'manja chifukwa tidali titamudzoza kale kuti ndi akita, ndiye chilichonse chochita iye chidali chabwino. Mukaionera kachiwiri mudzaona kuti nthawi yambiri amuna awiriwa sakulimbana ndi akufa ayi, akulimbirana kuti bwana m'nyumba muno ndani, mpaka wailesi ndi chakudya kuzigawa kuti izi n'zapamwamba, inu a kudzenje musakhudze. Amene mudakhalapo mu komiti ya msika nthawi yomwe mphekesera zoti mabenchi agwetsedwa zili m'kati, mukuwadziwa amuna awiriwa ndi mayina awo.

Nkhani ya imfa ya Ben ndiyo idavuta kwambiri. Mnyamata wa chiwaya mpaka lero akuti adamuona bwinobwino kuti ndi munthu wamoyo, adamupha dala chifukwa ndi wakuda. "Wakufa amagwira mfuti? Onse aja azungu okhaokha, agalu m'manja, inu simukuona?" Wa kaunjika akuti ayi, adali patali, ndipo amuna aja adali ataombera anthu oyenda mwadzandidzandi m'mawa wonse, dzanja lidazolowera. Chodabwitsa n'chakuti m'filimu yonse palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akutchula khungu la Ben. Romero ankanena kuti gawolo sadalilembere munthu wakuda, adamutenga Duane Jones chifukwa ndiye adasewera bwino kuposa onse omwe adayesedwa. Jones adali munthu wophunzira, mphunzitsi, ndipo Ben yemwe poyamba adalembedwa ngati dalaivala wa thiraki wolankhula mwaukali adasanduka munthu wodekha uja chifukwa cha iye. Koma chaka chake chidali 1968. Pa 4 April chaka chimenecho Martin Luther King adaomberedwa ku Memphis, ndipo Romero ankasimba kuti uthengawo adaumva pa wailesi ya m'galimoto ali paulendo wopita ku New York ndi filimuyi kukafuna woigula. Anthu a ku America omwe adaionera miyezi ingapo pambuyo pake adali atazolowera kuona pa TV apolisi ndi agalu akuthamangitsa anthu akuda ofuna ufulu wawo. Kaya Romero adafuna kaya sadafune, maso awo adaona zomwe mnyamata wa chiwaya adaona.

Yemwe adandisiya kukamwa kuli yasa ndi mayi wa tomato uja. Iye kwawo ndi ku Phalombe, ndipo atatopa ndi mkangano wa khungu adati, "Inu mukuti azungu, azungu. Mu 2017 kwathu kudali azungu?" Tonse tidadziwa chomwe akunena. Chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anyamata adatseka misewu ndi miyala, kugona panja ndi zibonga ati kuteteza mudzi, ndipo anthu osalakwa adaphedwa chifukwa chongokhala achilendo kapena kunyamula chikwama. Ku Blantyre mnyamata wodwala khunyu adatenthedwa. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. "Amene ankachita zimenezo," adatero mayiyo, "sadali zigawenga. Adali ana athu omwe, amantha, okhulupirira kuti akutipulumutsa. Ngati amuna a agalu aja. Palibe adafuula kuti kodi uli moyo? Liwu limodzi lokha." Padalibe woyankha, chifukwa pamsika pomwe pano tikudziwa zomwe zimachitika wina akangokuwa kuti wakuba, munthu n'kuyamba kuthamanga.

Musaganize kuti ndife tokha tidasokonezeka nayo. Idaonetsedwa koyamba ku Pittsburgh pa 1 October 1968, patatsala mwezi umodzi kuti dongosolo loika malire a zaka pa mafilimu liyambe ku America. Choncho ana ankalowa mwaufulu, makolo akuganiza kuti ndi timafilimu toopseza mwamasewera tomwe tidazolowereka Loweruka masana. Mtolankhani Roger Ebert wa nyuzi ya Chicago Sun-Times adakaionera m'holo yodzaza ana ndipo adalemba kumayambiriro a 1969 kuti poyamba anawo ankakuwa mosangalala, koma itafika pakati adangoti zii, ndipo kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi kadakhala pafupi naye kakulira mwakachetechete. Mkwiyo wake sudali pa filimuyo kwenikweni koma pa akuluakulu omwe adalola ana kulowa. Ndidakumbukira zimenezi chifukwa tsiku la mvula lija kutsogolo kwenikweni, pansi, padakhala tiana tinayi ta yunifolomu, ndipo palibe mmodzi mwa ife akuluakulu makumi atatu amene adatiuza kuti tituluke mwana uja asanatenge chitsulo. Eni mavidiyo, ndalama ya mwana ndi ndalama ndithu, koma pali mafilimu ena oti mudziyamba mwayang'ana amene akhala kutsogolo.

Olemba nyuzi ambiri a nthawiyo adainyoza kuti ndi zonyansa zopanda phindu. Makampani akuluakulu adali ataikana kale, ena ati poti ilibe kala, ena ati asinthe mathero kuti akita apulumuke, koma anyamata a ku Pittsburgh adakana. Anthu wamba ndiwo adainyamula. Idazungulira m'maholo zaka ndi zaka, makamaka pa mafilimu a pakati pa usiku, mpaka ku Ulaya, n'kupanga mamiliyoni ambiri a madola. Mu 1999 Library of Congress idaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko la America.

Nanga eni chipereganyu aja adalemera? Apa ndiye a geni mugwire pamtima. Poyamba filimuyi inkatchedwa Night of the Flesh Eaters, ndipo chizindikiro chosonyeza mwini wake chidali pa tsamba la dzinalo. Kampani yomwe idatenga udindo woigulitsa m'maholo, Walter Reade Organization, idasintha dzina, ndipo pa tsamba latsopanolo chizindikirocho sichidaikidwenso. Lamulo la ku America la nthawi imeneyo linkati chinthu chotuluka popanda chizindikirocho chilibe mwini. Tangoganizani, kanthu kakang'ono ngati kachidindo ka COSOMA komwe tinkakaona pa matepi ndi ma CD. Kuyambira pamenepo aliyense adali ndi ufulu woikopa ndi kuigulitsa osapereka kanthu kwa Romero ndi anzake, n'chifukwa chake lero ili paliponse pa intaneti ulele, n'chifukwa chakenso idapezeka mu fulashi ya kuseri kwa mabenchi a nsomba. Nditafotokoza zimenezi mdala wa hadiweya adagwedeza mutu nthawi yaitali. Imfa ya Ben sidamukhudze, koma iyi idamupweteka. "Katundu kuyenda chonchi, mwini wake osaona phindu? Ameneyo ndiye adadyedwa wamoyo."

Duane Jones adamwalira mu 1988, Romero mu 2017. Koma mu 1990 gulu lomwelo lidaipanganso filimuyi, ya kala tsopano, mwa zina pofuna kupezako ndalama zomwe zidawadutsa. Romero adalembanso nkhaniyo, Tom Savini n'kuitsogolera, Tony Todd n'kukhala Ben. M'menemo mtsikana uja sakhalanso pampando ngati thumba la chimanga: avala buluku, anyamula mfuti, ndipo ndi iye amene apulumuka. Ben afera kudzenje ndi mabala n'kudzuka ngati enawo, ndiye pomuombera palibenso mlandu. Cooper abisala kudenga, apulumuka usiku wonse, ndipo m'mawa mtsikanayo amupeza wamoyo, amuyang'ana, n'kumuombera m'mutu dala.

Nditawauza zimenezi, mayi wa tomato adapukuta manja pachitenje n'kupita yekha kwa mwini vidiyo kukamuuza kuti aisake ya 1990 imeneyo, alipira pakhomo kawiri ngati n'kofunika. Mnyamata wa chiwaya akuti akabwera pokhapokha Ben asafe, ndipo nditamubwerezera kuti afabe, adati ndiye azungu amenewa ali ndi vuto. Mdala wa hadiweya wanenetsa kuti sapondako. Akuti munthu woti adalondola za khomo sangaphedwe kawiri iye akuonerera.